MAFUNSO M'NYUMBA YA MALAMULO: MIPINGO NDI ANTHU A M'MAPULAZI A KU MASHONALAND

Nkhani ya lero ndi ya mafunso amene aphungu amafunsa nduna za Boma m'Nyumba ya Malamulo, ndiponso ya anthu amene kwa zaka zambiri analibe wowafunsira. Anthuwo ndiwo antchito a m'minda ikuluikulu ya fodya ndi chimanga ya ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe, minda imene idziwika ndi dzina lakuti mapulazi. Omvera a ku Malawi, a kum'mawa kwa Zambia ndi a ku Zimbabwe komweko adziwa kale mbali imodzi ya nkhaniyi, pakuti m'midzi yambiri ya ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Chipata ndi ku Petauke akumbukirabe mbale amene anapita ku Halale natchona komweko. Mbali imene siidziwika kwenikweni ndi iyi: pamene anthuwa anali ndi dandaulo la sukulu, la ukwati, la matenda kapena la ukalamba, dandaulolo linali kuyenda njira yanji kuti likafike kwa opanga malamulo? Yankho lake likhudza mipingo, chifukwa masiku amenewo mbusa ndi mlaliki ndiwo anali pakamwa pa anthu opanda phungu.

FUNSO LA M'NYUMBA YA MALAMULO NCHIYANI?

Akuluakulu anati safunsa adadya phula. M'Nyumba ya Malamulo kufunsa kuli ndi mwambo wake, umene maiko onse atatu anautengera ku Nyumba ya ku London. Phungu alemba funso lake nalipereka kwa mlembi wa Nyumba, kukali masiku angapo lisanafike tsiku loyankha. Mlembi aliyesa ngati lili loyenera. Liyenera kukhala funso ndithu, losati ulaliki, lisanyoze munthu, ndipo koposa zonse likhale la nkhani imene ili m'manja mwa nduna yofunsidwayo. Likavomerezeka lisindikizidwa pa pepala la ntchito za tsikulo, ndipo akalaliki a ku ofesi ya nduna ayamba kufunafuna yankho m'mabuku mwawo. Tsiku litafika, Sipikala aitana phunguyo, nduna iimirira niyankha, ndipo phungu aloledwa kuonjezapo funso lina lotuluka m'yankho lomwelo. Funso lachiwirili ndilo nduna iliopa, pakuti silinalembedwe ndipo akalaliki sanalikonzere yankho. Mawu onse, funso ndi yankho lomwe, alembedwa m'buku lotchedwa Hansard, limene munthu aliyense angathe kuwerenga.

Funso pa lokha silisintha lamulo, ndiponso silimanga sukulu. Mphamvu yake ili pa zinthu zitatu. Liumiriza Boma kuwerenga zinthu zimene silinafune kuziwerenga. Liika yankho poyera pamaso pa dziko lonse. Ndipo lisunga lonjezo, kotero kuti chaka chamawa phungu angathe kutsegula Hansard ndi kufunsa kuti lonjezo lija lafika pati. Mlandu suola, makamaka ukalembedwa.

Anthu a ku Nyasaland anaiona mphamvu imeneyi mu 1956, pamene anthu akuda asanu analowa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba mwa chisankho. Awiri a iwo, a Henry Chipembere ndi a Kanyama Chiume, anapanikiza akulu a Boma ndi mafunso kotero kuti Hansard, buku limene kale linali kungokhala m'maofesi, linayamba kugulidwa ndi kuwerengedwa ngati nyuzipepala. Komatu chida chotere chithandiza munthu pokhapokha pali zinthu ziwiri: phungu womumvera, ndi nduna yovomera kuti nkhaniyo ndi yake. Wantchito wa papulazi analibe zonse ziwiri.

ULENDO WA KU HALALE

Amuna a ku Nyasaland anayamba kupita kummwera kukafuna ndalama za msonkho ndi nsalu zaka za m'ma 1900 zitangoyamba. Ambiri anayenda pansi, kudutsa dziko la Apwitikizi, kuoloka Zambezi cha ku Tete, ndi kulowa m'Southern Rhodesia cha ku Mtoko kapena ku Mount Darwin. Mu 1935 Boma la ku Zomba linaika komiti, wapampando wake a Travers Lacey, kuti ifufuze za maulendowa. Komitiyo inayerekeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo inadandaula kwambiri za midzi yotsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba. Chaka chotsatira maboma a maiko atatuwa anapangana ku Salisbury za kayendedwe ka antchito. Pambuyo pake panabwera magalimoto a Ulere, onyamula anthu osawalipiritsa, ndipo mu 1946 panakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito limene ku Nyasaland linatchedwa Mthandizi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makampani a ku Britain anasowa madola ogulira fodya wa ku America, natembenukira ku Rhodesia. Mabalani owotchera fodya anachuluka ku Mazowe, ku Bindura, ku Mvurwi, ku Banket, ku Trelawney, ku Karoi ndi ku Marondera, ndipo manja ambiri obzala, othyola ndi osankha fodyayo anali a alendo ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique.

Moyo wa papulazi unasiyana ndi wa kumudzi. Munthu anali kukhala m'komboni, kudzuka chitsulo chikalira, kulandira phoso la ufa, nyemba ndi mchere, ndi kulipidwa tikiti ya masiku 30 ikadzaza. Panalibe nyakwawa kapena bwalo la milandu. Panali mwini pulazi ndi kapitawo wake. Lamulo lomuyang'anira linali la 1901, lotchedwa Masters and Servants, limene linayesa kuthawa ntchito mlandu womangitsa munthu. Pamene lamulo la 1959 linalola anthu akuda kukhala m'mabungwe a antchito ovomerezeka, antchito a m'mapulazi ndi a m'nyumba anasiyidwa kunja. Malo amene komboni inamangidwapo anali m'chigawo cha Azungu monga mwa lamulo la nthaka la 1930, kotero kuti munthu angakhalepo zaka makumi atatu osakhala ndi ngakhale kadimba kake.

MPINGO UTSATA ANTHU AKE

Boma la kwawo silinawatsate anthuwa, koma mipingo inawatsata. Akhristu a ku Nyasaland okhala ku Salisbury anapempha mbusa womva chinenero chawo, ndipo mu 1912 anafika Mbusa T. C. B. Vlok, yemwe uja anayambitsa mishoni ya ku Mvera pamodzi ndi Mbusa A. C. Murray mu 1889. Ntchito imeneyo inakula kufikira mu 1965 inakhala Sinodi ya Salisbury ya mpingo wa CCAP, imene lero itchedwa Sinodi ya Harare. Akatolika a ku Chishawasha ndi ku Kutama, a Anglican, a Methodist ndi a Salvation Army a m'chigwa cha Mazowe nawonso anali kuyendera makomboni. Ayawo anamanga mizikiti yawo, ndipo Achewa ena anasunga gule wamkulu, amene Ashona anamutcha zvigure. Onsewa anali ndi mabungwe a maliro, pakuti mantha aakulu a mlendo ndiwo kuikidwa popanda wolira.

Mlaliki woyenda pa njinga kuchoka pulazi lina kunka lina anali kuchita zambiri zoposa kulalikira. Iye ndiye anali kulandira kalata ya mpingo imene munthu anachoka nayo kwawo, kulemba maina a ana obatizidwa, kuwerengera anthu makalata a kumudzi, ndi kuika akufa. Chifukwa chake nkhani zinayi zimene zinaoneka ngati za mpingo zinali kwenikweni nkhani za kayendetsedwe ka dziko.

Yoyamba ndi ya khomo. Pulazi ndi malo a mwini, ndipo mlaliki sakanalowa popanda chilolezo chake. Eni ena anamanga tchalitchi ndi njerwa zawo. Ena anakana, makamaka nyengo yothyola fodya, pamene moto wa m'balani sudziwa Sabata. Ufulu wa kupembedza unali kutha kapena kuyamba pa chipata cha pulazi.

Yachiwiri ndi ya sukulu. Masiku amenewo pafupifupi sukulu zonse za ana akuda zinali m'manja mwa amishoni, Boma nkumathandizapo ndi malipiro a aphunzitsi. Koma papulazi sukulu inali kukhalapo ngati mwini wafuna. Zambiri zinali za makalasi oyamba okha, ndipo m'malo ena ana anali kuphunzira theka la tsiku ndi kugwira ntchito theka linalo.

Yachitatu ndi ya ukwati. Lamulo linafuna kuti munthu wakuda wofuna ukwati wa m'tchalitchi ayambe watenga chikalata kwa bwana wa Boma, amene Ashona amamutcha mudzviti. Mchewa wokwatira mkazi wa Chishona anapezanso mwambo wosiyana ndi wa kwawo. Kwawo mwamuna alowa chikamwini ndipo ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba nakhala malume. Kuno mwamuna apereka ng'ombe ndipo ana atsata bambo. Mwana wobadwa mu ukwati wotere anaoneka mlendo mbali zonse ziwiri: kwa amake anati ngwa kwa bambo wake, ndipo ku Nyasaland analibe mayi womupatsa malo.

Yachinayi ndi ya ukalamba. Penshoni ya ukalamba ya Boma, imene inayamba mu 1936, siinali ya anthu akuda, pakuti Boma linati munthu wakuda akakalamba abwerera kumudzi. Linamuyesa mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mtchona sanakamuke. Mphamvu zitatha analibe ndalama ya ulendo, kapena analibe nkhope yobwerera nayo chimanjamanja, ndipo ambiri anatsirizira m'manja mwa mipingo, m'nyumba za nkhalamba monga ya Bumhudzo ya a Salvation Army ku Chitungwiza.

NYUMBA ZINAYI, KHOMO LOTSEGUKA PALIBE

Fanizo lithandiza pamenepa. Mwamuna wina wa ku Dedza, mkhristu wa mpingo wa Nkhoma, afika pa pulazi la fodya pafupi ndi Bindura mu 1955, Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chili ndi zaka ziwiri. Ali ndi ana awiri a msinkhu wa sukulu, koma sukulu palibe. Funso lake ndi lapafupi: anawa adzaphunzira kuti? Nyumba za Malamulo zimene zikanalimva zinalipo zinayi.

Yoyamba inali ya ku Zomba. Iyo inali kumudziwa, pakuti dzina lake linali m'buku la msonkho. Inakhoza kufunsa za olemba ntchito ndi za ndalama zotumizidwa kumudzi, koma mphamvu yake inathera m'malire a Nyasaland.

Yachiwiri inali ya Chitaganya, ku Salisbury. Inali ndi aphungu 35, ndipo asanu ndi mmodzi a iwo anali anthu akuda, awiri ochokera m'dziko lililonse. A ku Nyasaland anali a Wellington Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano. Awa akanamumva m'chinenero chake. Koma malamulo a Chitaganya anagawa ntchito mwa njira yodabwitsa. Ulimi wa Azungu wa ku Southern Rhodesia unali wa Chitaganya, zipatala zinali za Chitaganya, sukulu ya mwana wa mwini pulazi inalinso ya Chitaganya. Koma sukulu ya mwana wakuda, ntchito ya bambo wake ndi nthaka imene anagonapo zinatsala m'manja mwa Boma la dzikolo. Phungu akanafunsa za mtengo wa fodya funso likanalandiridwa. Akanafunsa za mwana wa wothyola fodyayo, mlembi akanalibweza.

Yachitatu, mwini nkhani weniweni, inali Nyumba ya Southern Rhodesia. Inali ndi aphungu 30, ndipo munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi kufikira chisankho cha Disembala 1962. Kuti munthu aponye voti anayenera kukhala ndi chuma kapena malipiro a mlingo wakutiwakuti ndi kudziwa Chingerezi, zimene wa m'komboni sakanazifikira. Phungu wa dera la mapulazi anali kusankhidwa ndi eni mapulazi.

Yachinayi inali ya ku London. Kumeneko aphungu anali kufunsa mafunso ambiri za Nyasaland ndi Northern Rhodesia, pakuti maiko awiriwa anali otetezedwa ndi Britain. Koma Southern Rhodesia inali yodzilamulira kuyambira 1923, ndipo mwambo unali wakuti nduna za ku London siziyankha za m'kati mwa dzikolo. Munthu wa ku Dedza uja, tsiku limene analowa pa Mtoko, anatuluka m'makutu a London.

Motero munthu mmodzi anali pansi pa Nyumba zinayi, ndipo iliyonse inali ndi chifukwa chomveka chomutumizira ku inzake.

PAKAMWA POBWEREKA

Popeza anthu akuda analibe mpando, kapena anali nayo yowerengeka, maboma a nthawi imeneyo anakonda kuika amishoni kuti awalankhulire. Ku Zomba Dr. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi Dr. Robert Laws wa ku Livingstonia anakhalapo m'Nyumba ya Malamulo zaka zambiri munthu wakuda asanalowemo mu 1949. M'Nyumba ya Chitaganya munali Azungu atatu oimira anthu akuda, ndipo pakati pa amene anakhalapo pa mipandoyo panali ana a mishoni awa: Mbusa Percy Ibbotson wa mpingo wa Methodist, Mbusa Andrew Doig wa Church of Scotland ku Blantyre, ndi a John Moffat, mwana wa mmishoni wa ku Chitambo. Ngakhale Nduna Yaikulu ya Southern Rhodesia kuyambira 1953 kufikira 1958, a Garfield Todd, anali mmishoni wa ku Dadaya, ndipo m'masiku awo maphunziro a ana akuda anakula ndithu.

Azungu atatu oimira anthu akuda, pamodzi ndi aphungu akuda atatu, anali m'bungwe lotchedwa African Affairs Board, limene linapatsidwa mphamvu yotchula lamulo lililonse lokondera ndi kulitumiza ku London. Mu 1957 bungweli linatero ndi lamulo lokulitsa Nyumba kufika pa aphungu 59, chifukwa aphungu akuda oonjezerawo anayenera kusankhidwa ndi ovota amene ambiri anali Azungu. London inamva, niivomereza lamulolo chivomerezere. Chaka chotsatira Mbusa Doig anatula pansi udindo wake, ndipo chaka chomwecho a Todd anachotsedwa ndi chipani chawo chomwe. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, funso la munthu wa ku Dedza lisanayankhidwe.

Anthu amenewa ayenera ulemu wawo, koma choonadi chiyenera kunenedwanso. Pakamwa pobwereka sipanena zonse za mumtima mwa mwini. Izi zinaoneka mu 1969, pamene Boma la a Ian Smith linapanga lamulo latsopano la nthaka, limene linafuna kuti mipingo ipemphe chilolezo kuti anthu a mitundu iwiri akhale pamodzi pa malo a mishoni. Mabishopu a Katolika, pakati pawo a Donal Lamont a ku Umtali, ndi atsogoleri a mipingo ina anakana poyera, ndipo Boma linafewetsako mbali zina zokhudza mipingo. Pamene Boma lomwelo linadula magawo asanu pa 100 a ndalama zolipira aphunzitsi kuyambira 1971, mipingo yambiri inatula sukulu zake za pulayimale m'manja mwa makhonsolo. Pa zake zomwe mpingo unafuula numveka. Pa za wantchito wa m'komboni unali kulankhula motsitsa, pakuti mlaliki wokwiyitsa mwini pulazi anapeza chipata chotseka. Pokhapokha m'zaka za m'ma 1970 mpamene mawu anayamba kukwera. Akatolika anakhazikitsa bungwe la Chilungamo ndi Mtendere mu 1972, ndipo mu 1977 nyumba yawo yosindikiza mabuku ya Mambo Press inatulutsa buku la a D. G. Clarke lofotokoza malipiro ndi moyo wa antchito a m'mapulazi.

UFULU UTAFIKA

Mu 1980 dziko linatchedwa Zimbabwe, ndipo zina zinasintha msanga. Lamulo la 1901 linatha. Boma linalamula kuti wantchito wa papulazi asalandire zochepera madola 30 pa mwezi. Mu 1981 ku Bindura kunayamba ntchito yophunzitsa amayi a m'makomboni kusamala za umoyo, ndipo mu 1994 penshoni ya dziko inayamba kusonkhedwa. Koma voti ya m'makhonsolo a m'madera a mapulazi inatsalabe ya olipira msonkho wa malo kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kotero kuti khonsolo yomanga sukulu ndi zipatala siinali kusankhidwa ndi ozisowa.

Mu 2000 kulanda ndi kugawa mapulazi kunayamba. Antchito a m'mapulazi anali oposa 300,000, ndipo ambiri anataya ntchito ndi nyumba pa nthawi imodzi. Amene analandira malo anali owerengeka. Ashona anali ndi kumudzi kobwerera, koma adzukulu a matchona, amene ena anali kuwanyoza kuti mabhurandaya, ndiko kuti a ku Blantyre, analibe kwina. Mu 2001 lamulo la unzika linafuna kuti aliyense woyenera unzika wa dziko lina aukane mwa malamulo a dzikolo m'miyezi isanu ndi umodzi. Munthu wobadwira ku Shamva, wosaionapo Dedza, anauzidwa kuti akane dziko limene silinamulembepo, ndipo zikwi za anthu zinapezeka kuti si za kuno, si za uko. Mu 2003 lamulolo linafewetsedwa kwa ana a antchito ochokera m'maiko oyandikana, koma ambiri sanamve, ndipo ambiri analibe mapepala oyambira.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi malamulo aakulu a dziko a 2013. Gawo 43 linena kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye anali kukhala m'Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Gawo 6 litchula zinenero 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho choyamba pa mndandanda. Mu Novembala 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti anthu otere, ngakhale chitupa chawo chiwatcha alendo, aloledwe kulembetsa voti akaonetsa chikalata cha kubadwa.

FUNSO LAFIKA M'MANJA MWA MWINI

Lero Nyumba ya Malamulo ya Zimbabwe ikumana ku Mount Hampden, kumpoto chakumadzulo kwa Harare, m'nyumba yatsopano imene Boma la China linapereka mu 2023. Yamangidwa m'chigawo cha Mashonaland West, m'dziko lomwelija la mapulazi. Lachitatu ndilo tsiku la mafunso m'Nyumba ya aphungu, ndipo Lachinayi m'Nyumba ya Seneti. Gawo 107 lilamula nduna kuti zizifika ndi kuyankha, ndipo gawo 149 lipatsa nzika iliyonse, ngakhalenso mlendo wokhazikika, ufulu wolembera Nyumbayo dandaulo. Makomo amene anatsekera munthu wa ku Dedza ndi otsegukira mdzukulu wake.

Chomutsekereza tsopano ndi pepala. Wopanda chikalata cha kubadwa avutika kulemba mayeso, sapeza chitupa, salembetsa voti, ndipo mwana wake adzabadwa m'vuto lomwelo. Apa ndipo mipingo ili ndi ntchito yatsopano, yosiyana ndi ya kale. M'masiku amene Boma silinali kulemba kubadwa kwa ana a m'makomboni, mlaliki wa pa njinga uja anali kulemba. M'mabuku a ubatizo ndi a ukwati muli maina, masiku, makolo ndi mapulazi, ndipo kwa mabanja ena palibe mboni ina yolembedwa. Mpingo wosunga bwino mabuku amenewo, ndi kuwerenga ana a m'dera lake opanda zikalata ndi nkhalamba zopanda penshoni, uli ndi chimene phungu asowa: chiwerengero chenicheni ndi malo enieni.

Pakuti funso labwino siliti, chifukwa ninji anthu a m'mapulazi avutika? Funso lotere nduna iliyankha ndi mawu okoma, nkukhala pansi. Funso labwino litchula nduna yoyenera, malo ndi nthawi. Kwa nduna ya za m'kati mwa dziko: ndi anthu angati a m'boma la Mazowe amene analandira zikalata za kubadwa chaka chatha, ndipo buku la ubatizo lilandiridwa kodi monga umboni? Kwa nduna ya maphunziro: ndi sukulu zingati za m'mapulazi akale zimene sizinalembedwebe, ndipo ana ake alembera kuti mayeso? Kwa nduna ya za nthaka: manda a antchito amene ali pa malo ogawidwa atetezedwa ndi lamulo liti? Omvera a ku Malawi ndi ku Zambia nawonso ali ndi gawo, pakuti phungu wa ku Lilongwe kapena wa ku Lusaka angathe kufunsa nduna yake ya za kunja kuti ofesi ya kazembe ku Harare ithandiza bwanji abale ofuna kutsimikiza kwawo kwa makolo awo.

Kale mpingo unali kulankhula m'malo mwa anthu chifukwa analibe phungu. Tsopano ali naye, ndipo ntchito ya mbusa, shehe ndi mkulu wa mpingo ndiyo kusonkhanitsa umboni, kuphunzitsa anthu kulemba funso lawo, ndi kuwaperekeza kwa phunguyo kuti akalankhule okha. Yankho likatuluka m'Hansard, liwerengedwe pa msonkhano, lisungidwe, ndipo chaka chamawa lifunsidwenso. Anthu amene analima fodya zaka zonsezi adziwa mwambi wakuti fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ufulu wolembedwa m'malamulo a 2013 ukali pachala kufikira mwana wa m'komboni atagwira chikalata chake m'manja.

Nkhani ya lero ithera pamenepa.